Index ilipo, koma query ikuchedwabe: vuto limakhala pati?

Query (funso limene timatumiza ku database) ikayamba kuchedwa, ambiri amathamangira kuika index (mndandanda wothandiza database kupeza mizere msanga) pa kolamu iliyonse imene ili mu WHERE. Nthawi zina zimathandizadi. Koma kawirikawiri index imakhala ilipo kale, database ikungoilambalala. Musanawonjezere ina, ifunseni kaye database chimene ikuchita.

Mu PostgreSQL, lembani EXPLAIN ANALYZE patsogolo pa query yanuyo. Samalani apa: ANALYZE imaiyendetsadi query, sikungoyerekeza. Ngati ndi UPDATE kapena DELETE, yambani ndi BEGIN n'kutsiriza ndi ROLLBACK, kupanda kutero mudzafufuta zinthu zenizeni mukuganiza kuti mukungoona.

Pa zimene zatuluka, mawu oyamba kuwafufuza ndi Seq Scan, kutanthauza kuti tebulo lonse likuwerengedwa mzere ndi mzere. Si nthawi zonse pamene izi zili zolakwika. PostgreSQL imasunga deta m'masamba a 8 kB, ndipo tebulo la mizere 500 limakwana m'masamba ochepa chabe, choncho kuliwerenga lonse n'kwachangu kusiyana ndi kudzera mu index. Chimodzimodzinso ngati query ikufuna theka la tebulo.

Chofunika kwambiri, chimene ambiri sachiyang'ana, ndi manambala awiri a rows pa mzere uliwonse wa plan, ndondomeko imene EXPLAIN ANALYZE yatulutsa. Loyamba ndi mizere imene database inkayembekezera, lachiwiri ndi imene yaipezadi. Mukaona rows=12 mbali ina, rows=480000 mbali inayo, index ilibe mlandu. Database ikusankha njira pogwiritsa ntchito chiwerengero chakale. Lembani ANALYZE ndi dzina la tebulo, mwachitsanzo ANALYZE maoda, kuti chiwerengerocho chikhale chatsopano, kenako yesaninso. Autovacuum, mbali ya PostgreSQL yosamalira matebulo, imachita zimenezi yokha, koma mwachikhalire imadikira kuti pasinthe mizere 50 kuphatikizapo 10 peresenti ya tebulo. Pa tebulo la mizere 20 miliyoni, ndiye kuti mizere pafupifupi 2 miliyoni. Mukangolowetsa deta yambiri nthawi imodzi, musaidikire.

Tsopano za index ya makolamu awiri, pomwe anthu amasokonekera kwambiri. Tinene kuti muli ndi iyi:

CREATE INDEX ON maoda (kasitomala_id, tsiku);

Index ya B-tree imasanja mizere potsata kolamu yoyamba, ndipo yachiwiri imasanjidwa mkati mwa yoyambayo. Zili ngati kaundula wa mayina wosanjidwa potsata dzina la bambo: kupeza munthu ndi dzina la bambo ake n'kosavuta, koma mukangodziwa dzina lake loyamba, mutsegula tsamba lililonse. Query yofunsa kasitomala_id yokha ipindula, yofunsa zonse ziwiri ipindulanso, koma yofunsa tsiku lokha siipindula kwenikweni. PostgreSQL 18 inabweretsa skip scan, imene imathandiza ngati kolamu yoyamba ili ndi mitundu yochepa ya zinthu, koma makasitomala sakhala ochepa. Posanja, kolamu yofunsidwa ndi = ikhale kutsogolo, yofunsidwa ndi > kapena BETWEEN ikhale kumbuyo.

Njira ina yophera index ndi kuikulunga kolamu mu function. WHERE lower(imelo) = ... singagwiritse ntchito index wamba ya imelo, imafuna index yomangidwa pa lower(imelo) penipenipo. WHERE date(tsiku) = '2024-03-01' ndi bwino kungoilembanso kuti tsiku >= '2024-03-01' AND tsiku < '2024-03-02'. LIKE '%gmail.com' nayo B-tree siingaithandize chifukwa chiyambi cha mawu sichikudziwika. Apa pamafunika pg_trgm, chowonjezera cha PostgreSQL chofufuzira zidutswa za mawu, ndi index ya mtundu wa GIN. Mu MySQL muli kamsampha kenanso: kolamu ya foni ikakhala VARCHAR, inu n'kulemba nambala popanda ma quote, MySQL imasandutsa mzere uliwonse kukhala nambala, index n'kutsala.

Foreign key, kolamu yoloza mzere wa m'tebulo lina, nayo isakupusitseni. InnoDB ya MySQL imaika yokha index pa kolamu yolozayo, PostgreSQL siika. Mukafufuta kasitomala mmodzi, PostgreSQL imafufuza tebulo lonse la maoda kuti ione ngati pali oda yake.

Mukatsimikiza kuti index yatsopano ikufunikadi, musalembe CREATE INDEX wamba pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito. Imatseka INSERT, UPDATE ndi DELETE pa tebulolo mpaka ithe. Gwiritsani ntchito CREATE INDEX CONCURRENTLY. Imatenga nthawi yaitali chifukwa imadutsa m'tebulo kawiri, ndipo siyenda mkati mwa transaction, chinthu chimene chimavuta pa zida za migration (zosinthira kapangidwe ka database) zimene zimakulunga chilichonse mu BEGIN. Ikalephera panjira imasiya index yolembedwa INVALID, yosathandiza powerenga koma yolemetsabe polemba. Onani ndi \d maoda mu psql, muichotse, muyambirenso.

Index iliyonse imachedwetsa kulemba, choncho zosagwira ntchito n'zoyenera kuchotsa. Mu pg_stat_user_indexes, idx_scan ikakhala 0 ndiye kuti index sinagwiritsidwepo ntchito chiyambire kusunga chiwerengerochi. Musafulumire komabe. Replica iliyonse (kope la database pa seva ina) imasunga chiwerengero chakechake, ndiye onani kumeneko kaye. Index ya UNIQUE imateteza deta ngakhale isamawerengedwe. Ndipo ina ingakhale ya lipoti limene limayenda kamodzi kokha, kumapeto kwa mwezi.