Yisiti wanga uja: mphukira ndikuziona koma actin sakuoneka

Aja munafunsa za yisiti amene ndikuweta n'kumamuyang'ana pa maikulosikopu, nazi nkhani. Ndikugwiritsabe wa mu paketi wophikira mandasi yemwe uja, Saccharomyces cerevisiae, mu botolo la jamu. Shuga ndi madzi zokha samaphukira bwino, ndiye ndawiritsa yisiti wina n'kusefa msuzi wake n'kuthiramo, aaa kusintha kwake! Pa 400x (kukulitsa ka 400) timaselo tikuoneka mbee, timipira ta ma micrometre pafupifupi 5 (ma micrometre 1,000 ndiwo milimita imodzi), tambiri tili ndi kamwana kotuluka m'mbali. Ndikathira kadontho ka utoto wa methylene blue takufa timasanduka tabuluu, tamoyo timakhala toyera.

Chomwe chandigwira mtima masiku ano n'choti kamphukirako kamadziwa bwanji kotulukira. Mkati mwa selo muli ulusi wa puloteni yotchedwa actin, ndiyo ngati mafupa ake, ndipo yisiti ali ndi jini imodzi yokha ya actin, ACT1. Ulusiwu umakhala mitundu iwiri, tina ndi timadontho pa khungu la selo pomwe selo imameza zinthu, wina ndi zingwe zazitali zomwe mapuloteni otchedwa Bni1 ndi Bnr1 amaluka kuloza ku mphukira, kenako puloteni ina, Myo2, imayenda pa zingwezo itasenza katundu ngati wa kabaza, kupititsa komwe kukumangidwa.

Koma amene akulamula zonsezi eti ndi mafuta. Mafuta a pa khungu la selo lomwelo. Pali enzayimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'selo) yotchedwa Stt4 imene imamata phosphate (kagulu ka phosphorus ndi oxygen) pa mafuta otchedwa PI n'kukhala PI4P, ndiye enzayimu inzake, Mss4, amabwera n'kumatanso ina kukhala PIP2. Ka PIP2 aka n'kochepa zedi pa khungupo koma mapuloteni ena amakamamatira, monga Rom2, yemwe akafika pamenepo amadzutsa puloteni ina, Rho1, Rho1 n'kudzutsa inanso, Pkc1, basi actin n'kuyamba kulunjika mbali imodzi. Za Rom2 zi anazionetsa asayansi Audhya ndi Emr mu 2002. Za Mss4 zinatuluka kale mu 1998, gulu la wasayansi Michael Hall ku Basel, ku Switzerland, lili momwemo, anapeza kuti yisiti wa Mss4 wolumala (jini yake ya Mss4 itasinthidwa) ukamuika pa madigiri 37 timadontho ta actin timangomwazika paliponse, zingwe kusowa, selo kumangofufuma osalunjika. Ukaichotseratu jiniyo yisiti amafa.

Ine zandisangalatsa kwambiri ndi ma enzayimu ofufuta, chifukwa anthu amakonda kukamba za omata okhaokha. Inp51, Inp52 ndi Inp53 amachotsa phosphate ija pa PIP2. Ukachotsa awiri oyambawo PIP2 amachuluka, khungu la selo limapindikira mkati mosayenera ndipo kumeza zinthu kumavuta, ukachotsa onse atatu selo siikhalanso moyo. Ndiye kuchepa ndi vuto, kuchulukanso ndi vuto. Palinso Sac1 wofufuta PI4P, amene asayansi Novick ndi Botstein ndi mnzawo anamupeza mu 1989 akufufuza za actin yemweyu, nthawi imeneyo osadziwa n'komwe kuti ntchito yake ndi ya mafuta.

Tsono ine maikulosikopu anga actin sangamuonetse. Pamafunika phalloidin, poizoni wochokera ku bowa wakupha uja Amanita phalloides, womangiriridwa ku utoto wowala, komanso makina a fluorescence (maikulosikopu oonetsa utoto wowalawo) omwe mtengo wake tingosiya. Ndinayesabe zanga kuti ndione zomwe kutentha kungachite, botolo lina m'fulasiki ya madzi a madigiri 37 ndi thermometer ya ku famasi, lina pa tebulo. Kusiyana sindinakuone kwenikweni, ndipo n'zomveka, yisiti wabwinobwino akamva kutentha actin amamwazika kwa kanthawi kenako amadzikonza yekha, wa m'paketiyu si wolumala ayi.

Chotsatira ndikufuna kumata foni pa diso la maikulosikopu ndijambule selo imodzi ikuphukira mpaka kamwanako kathothoke. Akadya bwino pa madigiri 30 zimatenga mphindi ngati 90, vuto langa ndi kadontho kamadzi komwe kakumauma pansi pa kagalasi nthawi isanakwane. Mawa ndiyesa kumata Vaseline m'mbali mwake, amene munachitapo zimenezi tandiuzani ngati timaselo sitibanika.