Kuchokera ku Harare kukakwera phiri la Nyangani

Amene akufuna kukwera Nyangani asadzinamize kuti anyamuka ku Harare m'mamawa, akwere phiri, n'kudzagona kwawo tsiku lomwelo. Kuchokera mu tawuni kukafika ku Nyanga ndi makilomita pafupifupi 270, ndipo ukatulukira pa ofesi ya paki ya Nyanga, mmene muli phirili, dzuwa litapendeka kale, alonda sakulola kuyamba chitunda. Ife tinagwirizana zokagona konko. Tinalipo ine, mayi a kunyumba, alamu anga amene anabwera kudzationa kuchokera ku Nkhotakota, ndi amalume a ku Mufakose, obadwira konkuno, amene bambo awo anabwera kudzagwira ntchito nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Choyamba ndi malo ogona. Mahotela alipo, monga Troutbeck ndi Rhodes Nyanga, koma thumba lathu linatilozera ku tinyumba ta ZimParks, bungwe la boma losamala mapaki, timene tili m'mbali mwa madamu a Rhodes, Udu ndi Mare, mmene umadziphikira wekha. Ndinapita ndekha ku likulu lawo, pafupi ndi Botanical Gardens, pamene Sandringham Drive ikumana ndi msewu wa Borrowdale. Ndinasankha ku Mare chifukwa ndi m'katikati mwa paki, kufupi ndi phiri. Mukalipira, lisiti likhale la pepala ndithu, mulipinde m'chikwama. Netiweki kumapiriko imabwera ikafuna, ndiye zomaima pa kauntala n'kumasakasaka chithunzi cha lisiti m'foni sizithandiza.

Za galimoto aliyense woyendetsa m'dziko muno akuzidziwa, koma ndinaziyang'anabe Lachinayi madzulo: laisensi ya galimoto ya ku ZINARA (bungwe la misewu), inshuwalansi, laisensi ya wailesi, ma triangle awiri, chozimira moto, jeke ndi tayala la sipeya lokhala ndi mpweya. Marodibuloko pamsewu wa ku Mutare sasowa. Ndinasunganso timadola tating'onoting'ono ta pa toligeti, poti chenji ndi nkhani ina.

Tinatuluka Lachisanu kusanatenthe, kudzera ku Msasa ndi ku Ruwa. Marondera, Macheke, Headlands, zonsezi ndi tala wabwino, chovuta ndi mathiraki opita ku Beira amene amayenda mondondozana. Pa Rusape, utayenda makilomita ngati 170, umakhotera kumanzere kulowa msewu wa ku Nyanga. Thirani mafuta pomwepo, tanki idzaze, mugulenso buledi ndi nyama. Kuchokera apo msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono pakati pa matanthwe akuluakulu, ndipo pofika ku Juliasdale mphepo yasintha, paini waunjikana mbali zonse, amayi akugulitsa maapozi ndi mbatatesi m'mabaketi. Mayi a kunyumba anagula baketi la mbatatesi nthawi yomweyo, ati za ku Nyanga sizifanana ndi za pamsika wa Mbare ku Harare ngakhale zimachokera komweko. Sindinatsutse.

Pa ofesi ya paki ndi pamene ife a Chichewa tiyenera kutchera khutu. Mtengo wolowera suli umodzi. Pali wa anthu a m'dziko muno, wa ochokera m'mayiko a SADC, ndi wa ochokera kutali, ndipo chimene chimaweruza ndi pepala limene watulutsa, osati chilankhulo chimene walonjera nacho. Ine ndi mayi tinapereka zitupa zathu, zinatha msanga. Alamu anapereka pasipoti ya Malawi, anawalembera mtengo wa SADC. Anayamba kung'ung'udza.

"Alamu, ine si mlendo wa kunja ayi, ndagona kwanu mwezi wathunthu."

"Kugona kwathu sikulembedwa m'pasipoti, alamu. Lipirani."

Amalume ndiye anatulutsa chitupa chawo mwaulemu wapadera, n'kuchiika pa kauntala ndi manja awiri. Kwa zaka zambiri chitupa chawo chinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo, ngakhale mchombo wawo unagwera ku Harare. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anatsegulira njira anthu obadwira muno amene kholo lawo linachokera dziko lina la SADC kuti akhale nzika, ndipo amalume anakasinthitsa chitupacho. Ngati m'gulu lanu muli achikulire amene sanasinthitse, atenge pepala lililonse losonyeza kuti amakhala muno, mufotokoze bwinobwino musanatulutse ndalama. Galimoto nayo imalipiridwa payokha.

Pa ofesi pomwepo tinanena kuti mawa tikufuna phiri. Anatiuza kuti sitingakwere tokha, tiyenera kupita ndi wotiperekeza wa paki, ndipo tinapangana ola lokumana.

Ku Mare kunazizira zoopsa. Kanyumbako kali ndi malo osonkhapo moto m'kati, ndipo tinawotha mpaka nkhuni zinatha. Madzulo alamu anatsikira ku damu, munthu wa kunyanja sangaone madzi n'kukhala pansi. Anabwerako akuseka okha. M'madamu amenewa muli nsomba ya trout, imene azungu anabweretsa chifukwa imakonda madzi ozizira, ndipo pafupi ndi Mare pomwepo pali malo amene amaiswetsera. Kuti uwedze umagula chilolezo, nyambo yake ndi yopanga ndi tinthenga, nyongolotsi saloleza, ndipo pali malire a nsomba zimene ungatenge pa tsiku. "Ndiye munthu alipire kuti agwire nsomba zowerenga? Kwathu akanatiseka mpaka ku Likoma." Anagonera nsima ya nyama.

M'mawa udzu unali mbuu ndi chisanu. Msewu wopita m'munsi mwa phiri ndi wafumbi, wamiyala malo ena, ndipo galimoto yotsika mimba iyenera kuyenda mwaulemu. Pamalo oimika magalimoto pali chikwangwani chochenjeza za nyengo. Wotiperekeza, bambo wachimanyika wosalankhulalankhula, analemba maina athu, nambala ya galimoto ndi nthawi imene tanyamuka. Kenako anayang'ana mapazi a aliyense. Alamu anali atavala nsapato za ku tchalitchi. Anawabweza ku galimoto kuti akavale zamphira zimene mayi anawaponyera m'buti mwakachetechete.

Asanatitsogolere anatipatsa malamulo, ndipo apa mpamene ndinaona amalume akuvula chipewa. Phiri ili kwa Amanyika ndi la mizimu. Usatukwane, usaloze ndi chala, ukaona chachilendo, kaya njoka yamitundumitundu kaya mphika uli pawokha, usanene kanthu, pitirira. Usapatuke panjira, usatsalire m'mbuyo, ukafuna kudzithandiza unene. Amalume anagwedeza mutu. "Mphwanga, ku Mulanje bambo ankanena zomwezi. Ukapeza chakudya m'phiri umadya osaitana mnzako." Wina angaseke, koma anthu anasowapo pano. Mu 1981 munasowa atsikana awiri a banja limodzi, ndipo mu Januwale 2014 bambo wina wachinyamata wa ku Harare anakwera osabwerera, anamufunafuna ndi asilikali ndi ndege osamupeza. Kaya mumakhulupirira mizimu kaya ayi, malamulowo mukawaonetsetsa onse akunena kuti khalani pamodzi ndipo maso akhale panjira.

Chigawo choyamba ndiye chowawa. Njira imakwera molunjika pa udzu ndi miyala, ndipo mpweya wa kumtunda umachepa m'chifuwa. Mayi a kunyumba anaima kangapo manja ali m'chiuno. Wotiperekeza sanatifulumizitse, ankangoima patsogolo pang'ono n'kumayang'ana kum'mawa. Mukangomaliza chitunda chimenechi mumatulukira pamwamba potambasuka, pa udzu waufupi, timitsinje tamadzi oyera ndi matanthwe oimirira mosiyanasiyana. Pansi pena ndi ponyowa, phazi limalowa. Madzi amenewa ndiwo chiyambi cha mitsinje ya Pungwe, Gairezi ndi Nyamuziwa. Pungwe ameneyu ndi yemwe amakathira m'nyanja ya mchere ku Beira, komanso ndi amene anthu a ku Mutare amamwa. Ndinatunga ndi manja, mano anachita dzanzi.

Miyendo pamenepa imapuma, koma m'pamene pali ngozi yeniyeni. Tikuyenda choncho dzuwa lili phwee, nkhungu inatulukira kuchokera ku chigwa cha Honde. Sinachite kubwera pang'onopang'ono. Ndinaona thanthwe limene linali patsogolo pathu likuzimirira, kenako chipewa cha amalume, amene anali mapazi khumi okha kuchokera pamene ndinaima. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja ya India ikagunda phirili imakwera n'kuzizira, ndiye chiperoni chake chimapangikira pomwepo, pamutu panu. Kum'mawa kwa phirili kuli maphompho, ndipo matanthwe onse mu nkhungu amafanana.

"Khalani pansi pomwe mulipo," anatero wotiperekeza. Tinakhala. Anatiitana mmodzimmodzi, aliyense n'kuyankha. Tinavala majekete, mayi anagawa mbatata yophika ndi tiyi wa m'fulasiki. Alamu, amene pa ofesi ankadandaula za ndalama ya wotiperekeza, anakhala chete ataphatikana ndi bamboyo. Patapita mphindi ngati makumi awiri kunayera, milu ya miyala yosonyeza njira inaonekanso, tinanyamuka.

Pansonga pali chipilala cha opima malo. Apa ndi mamita 2,592, palibe pena potalika kuposa apa mu Zimbabwe monse. Alamu sanachedwe kukumbutsa aliyense kuti Sapitwa ndi 3,002. Kum'mawa, pansi penipeni, minda ya tiyi ya ku Honde inali yobiriwira ngati ya ku Thyolo, ndipo kuseri kwake mapiri a ku Mozambique. Wotiperekeza anatisonyeza ndi chibwano, osati chala, dera la Gairezi, kwa mfumu Rekayi Tangwena, amene anakana kuchoka pa nthaka ya makolo ake boma la Smith litamuthamangitsa, ndipo mu 1975 anaolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kupita ku Mozambique. Sitinakhalitse. Bamboyo anayang'ananso kum'mawa n'kunena kuti tizipita.

Kukwera kunatitengera maola awiri ndi kanthu, kutsika kunachepera, koma maondo a amalume anadandaula kwambiri potsika kuposa pokwera. Ndodo imathandiza, ndipo ana ang'onoang'ono ine sindingapite nawo. Titafika pa galimoto wotiperekeza analemba nthawi imene tatsika pafupi ndi maina athu. Musachoke izi zisanachitike, chifukwa dzina likatsala lotsegula m'buku anthu amayamba kukufunani m'phiri inu muli pa Rusape mukudya chipisi. Tinamupatsa kangachepe ka sopo pamwamba pa malipiro a ku ofesi.

Masana tinapita ku mathithi a Nyangombe, amene ali pafupi ndi msewu waukulu, kukaviika mapazi. Mathithi a Mutarazi, amene madzi ake amagwa mamita 762, ali kum'mwera kwenikweni kwa paki ndipo amafuna tsiku lawolawo, ndiye tinawasiya. Lamlungu tinanyamuka chakudya cha masana chisanakwane, chifukwa madzulo a Lamlungu msewu wochokera ku Mutare umadzaza, ndipo kuyendetsa usiku pakati pa Macheke ndi Marondera, mathiraki akukuthira magetsi m'maso, ine sindikufuna. Pa Juliasdale mayi anaimitsanso galimoto, ati a kwa neba nawonso anawatuma maapozi.