Mmene timafikira pa opaleshoni ya ubongo kwa mwana wodwala khunyu

Mwana akabwera, ndimayamba ndafunsa za mankhwala: wamwapo ati, pa mlingo wanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati mitundu iwiri yoyenera, monga carbamazepine ndi sodium valproate, wamwa mokwanira koma akugwabe, mwayi woti mtundu wachitatu uthetse vutolo ndi wochepa kwambiri. Apa m'pamene timayamba kukamba za opaleshoni. Ena zimapezeka kuti ankadumphitsa masiku chifukwa mankhwala anatha. Amenewo timayamba tawakonzera kamwedwe.

Kenako timasaka pomwe kugwako kumayambira. Mwana amagonekedwa masiku angapo ali ndi mawaya a EEG (makina oyeza mphamvu ya magetsi ya muubongo) kumutu, kamera ikujambula usana ndi usiku. Nthawi zina timachepetsa dala mankhwala kuti agwe ife tikuona. Makolo zimawapweteka zimenezi, koma kupanda kutero tingadule polakwika. MRI (makina ojambula mkati mwa mutu) ionetse chipsera muubongo kapena kachigawo kamene sikanapangike bwino, ndipo malowo agwirizane ndi zimene EEG yaonetsa. Zikasemphana, timawonjezera PET (kujambula kwina koonetsa mmene zigawo za ubongo zikugwirira ntchito) kapena kulowetsa mawaya mkati mwa chigaza. Vidiyo yojambula pafoni kunyumba musaipeputse: ine ndimayang'anamo mbali imene mutu unatembenukira ndi mkono umene unayamba kuuma.

Zotsatira ndimazinena mosabisa. Kafukufuku wa 2017 wa ku chipatala cha AIIMS ku New Delhi, ku India, wa ana 116, anapeza kuti patatha chaka ana 77 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni anali asakugwanso, pomwe mwa ongomwa mankhwala anali 7 okha. Komabe mmodzi mwa atatu alionse ochitidwa opaleshoni anakumana ndi vuto lalikulu, makamaka kufooka mbali imodzi ya thupi. Tikalekanitsa theka lonse la ubongo ndi linzake, monga pa matenda a Rasmussen (kutupa kumene kumawononga theka limodzi la ubongo), zala za mbali inayo ya thupi sizithanso kutola tinthu ting'onoting'ono, ndipo maso saona za mbali imeneyo, ngakhale ambiri amayenda ndithu. Mwana akakhala wamng'ono, theka lotsalalo limatenga mosavutirapo ntchito ya kulankhula. N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi zodikira kuti akule kaye.

Akatuluka m'chipatala, mankhwala asasiye. Timadzachepetsa pang'onopang'ono titaona EEG ina. Akatentha thupi, akamasanza, akamangogona, kapena pabala pakamatuluka madzi, bwererani naye tsiku lomwelo. Mwina balalo lalowa tizilombo, kapena madzi akudzadza m'mutu, zomwe nthawi zina zimafuna kuikidwa kachubu kowatulutsa.