Zomwe ndaphunzira pa wifi yathu ya kuno ku Ndirande

Miyezi itatu tsopano ndikuphunzira za manetiweki amene anthu a m'dera amayendetsa okha, ndipo poyamba ine ndimangoti bola antena yamphamvu basi zatheka. Tinaika rauta (kabokosi kofalitsa wifi) imodzi padenga la holo, ina kwa mayi ena chakumtunda kufupi ndi phiri, cholinga ana asukulu azitsitsa manotsi osagula bandulo tsiku ndi tsiku. Sabata yoyamba zinali bwinobwino, kenako madandaulo anayamba, akuti ikungodukaduka.

Ndinakhala pansi nkuwerenga. Pa mafunde a wifi a 2.4 GHz ma channel (tinjira todutsa siginolo) osasokonezana ndi 1, 6 ndi 11 okha, ife tinangosiya pa auto kuti rauta izisankha yokha, ndiye marauta athu amalimbana ndi a maneba. Kulumikiza madenga awiriwa tinasamukira ku 5 GHz, koma iyoyo imafuna ma antena azionana, mtengo wa mango umodzi pakati umakwanira kufooketsa siginolo, makamaka masamba akanyowa.

Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi pasiwedi. Tsiku lina m'mawa ndinapeza dzina la wifi lasinthidwa, kufufuza ndinapeza kuti tsamba la admin, posinthira zonse za rauta, linali likadali ndi pasiwedi yomwe rauta inabwera nayo, ndipo woiwala kusintha ndinali ineyo. Mtima unandigunda chifukwa pali anthu amalowa mu akaunti zawo za kubanki pa netiweki yomweyi, amatikhulupirira. Tinasintha tsiku lomwelo, tinapanga update firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta), tinayatsanso client isolation kuti foni ya wina isamaone foni ya mnzake. WPA3, njira yatsopano yotetezera wifi, inatuluka 2018 koma mafoni ambiri akale kuno saidziwa, ndiye tili pa yakale ya WPA2 kaye.

Magetsi ndiye nkhani ina, akazima netiweki yonse imafa nthawi yomwe ana akufuna kuwerenga madzulo. Ndinawerenga za Zenzeleni ku Mankosi, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kumene anthu akumudzi amayendetsa netiweki yawo ngati kopaletivu ndipo zida zawo zimayendera sola. Ndinakafotokozera a komiti, amfumu anati tiyambe kusonkha pang'onopang'ono za batire ndi panelo, tagwirizananso kuti pasiwedi ya admin azisunga anthu awiri, osati ine ndekha, kuti ndikadwala zinthu zisaime.

Loweruka likubwerali tikwera padenga kukaika waya wa earth mvula isanayambe, mphezi za kuphiri kuno ndimaziopa.