Madala anga ndi Yesaya 46

Madala anga atha zaka zoposa 20 osaponda mu tchalitchi. Anali msungichuma pa nthawi yomwe tinkasonkha za malata, wina anayankhula mawu osakhala bwino pagulu ngati kuti ndalama zina zasowa, basi anatenga chipewa nkutuluka osabwereranso. Abusa asinthana kangapo, aliyense amabwera kunyumba, madala amawalandira bwinobwino tiyi kumwa limodzi koma ikangofika nthawi yoti tipemphere amadzuka ati akaone mbuzi. Mayi anatopa nkuwasiya. Ine pemphero langa linali limodzi zaka zonsezi, Ambuye afewetseni mtima kaye kuti muwapulumutse.

Mwezi watha anagwa ndi sitiroko, mbali yakumanzere sikugwira. Gadiyani ndine, ndipo amene anagonako mu wodi akudziwa kuti tulo kulibe, ndiye usiku ndimangowerenga Baibulo pa foni. Tsiku lina ndinafika pa Yesaya 46 vesi 12 ndi 13 ndipo ndinabwerezapo kangapo chifukwa sizimagwirizana ndi pemphero langa lija. Mulungu akuitana anthu ouma mtima, akuwauza poyera kuti muli kutali ndi chilungamo, ine ndimayembekezera kuti chotsatira ndi chilango kapena lamulo loti yambani mwasintha. Ayi ndithu. Akuti chilungamo changa ndikuchibweretsa pafupi, chipulumutso changa sichichedwa, ndichiika mu Ziyoni. Anthuwo sanasunthe olo phazi limodzi, amene akuyenda mtunda onsewo ndi Mulungu.

Mawuwa akupita kwa Ayuda omwe anali ku ukapolo ku Babulo, Nebukadinezara atagumula Yerusalemu ndi kuotcha kachisi cha m'ma 586 BC. Ndipo kuuma kwawo sikunali kwa anthu osadziwa Mulungu ayi, anali anthu opwetekedwa, okhumudwa, ngati madala angawa. Mulungu atanena kuti adzawamasula kudzera mwa Koresi mfumu ya Perisiya, munthu wachikunja, mpaka kumutchula wodzozedwa wake pa chaputala 45, zikuoneka kuti ena sanazilandire, nchifukwa chake pomwepo pali funso loti kodi dongo lingatsutsane ndi woumba. Pa chaputala 48 akuwanena kuti khosi lawo ndi lachitsulo, chipumi chamkuwa. Koma Koresi anabwerabe, Babulo anagwa mu 539 BC, kenako lamulo linatuluka loti abwerere akamange kachisi, ndipo Ezara 2 akuwerenga anthu 42,360 omwe anabwerera. Chitseko chinatsegukira onse, ofatsa ndi ankhutukumve omwe.

Koma pomwe panandigwira kwambiri ndi koyambirira kwa chaputalacho. Akukamba za Beli ndi Nebo, milungu ya ku Babulo, Beli ndi dzina lina la Marduk, mulungu wawo wamkulu, ndipo Nebo dzina lake lili mu dzina la Nebukadinezara lomwe. Milungu imeneyi yasanduka katundu pamsana pa nyama zotopa, munthu amatulutsa golide mthumba, kulemba ganyu mmisiri, kupanga mulungu kenako kumusenza paphewa, pomwe wamukhazika ndi pomwepo sasuntha, ukamulilira sayankha. Ndiye Yehova akuti kwa inu zili mosiyana, ndakunyamulani kuchokera mmimba mwa mayi anu ndipo mpaka mudzakalambe, mpaka imvi, ndidzakunyamulanibe.

Ndinawerenga zimenezi nditangomaliza kuwatembenuza madala pabedi. Munthu amene ankakana olo kumugwirira khasu, lero ndimamukweza ndi manja kupita naye kubafa, mutu onse mbuu imvi, akutsamira pa ine thupi lonse. Sindinadikire kuti apepese mayi kapena abwerere ku tchalitchi ndisanawanyamule, ndi bambo anga basi. Ndinalira mwakachetechete kuopa kudzutsa odwala ena, chifukwa ndinaona kuti zaka zonsezi ndimamuyikira Mulungu malire omwe ine mwini sindinawaike pa bambo anga. Amene anawanyamula zaka 20 zimenezi akukana kupemphera ndi ndani? Mvula imagwa mmunda mwawo, ana tinaphunzira, tsiku la sitirokolo wa kabaza anapezeka pompo.

Sindikunena kuti kulapa kulibe ntchito, Mulungu yemweyo akuyamba ndi mawu oti mverani ine, ndipo omwe anabwerera ku Yerusalemu anayenera kudzuka nkuyenda ndi mapazi awo. Ndimafunitsitsa madala atamva. Kungoti sindikupempheranso ngati chipulumutso chili kutali kudikira iwo afewe kaye.

Lachitatu usiku ndinawafunsa kuti Bambo ndikuwerengereni? Sanayankhe koma sanakanenso, ndiye ndinawerenga chaputala chonse pang'onopang'ono, iwo atayang'ana kukhoma. Amen sananene. Mmawa ndikuwapukuta kumaso anafunsa ndi lilime lolemera lija kuti pa imvi paja ndi vesi chani, ndinati 4. Anangogwedeza mutu nkupempha phala.