Levulo 3 yomwe ndinakana kusainira

Ndikulemba izi Loweruka m'mawa, mtima usanatsike ndi zomwe zinachitika Lachitatu ndi Lachinayi. Anzanga amene mumagwira ntchito yoyeza mabungwe mukudziwa kale mmene sabata yotere imayendera: Lolemba msonkhano wotsegulira, tiyi ndi masamusa, aliyense akumwetulira, kenako mafayilo, kucheza ndi ogwira ntchito, Lachisanu kupereka zomwe mwapeza. Zonsezo zinachitika ndipo sindizitalikitsa.

Bungwe lake sinditchula. Ndi la kuno ku Blantyre, limagula ndi kugawa zipangizo za kuchipatala komanso chakudya cha ana onyentchera m'maboma a Chikwawa, Nsanje ndi Thyolo. Chiyambireni Januwale 2025, pomwe boma la America linayimitsa thandizo lake la kunja, mabungwe ambiri ngati limeneli akupuma movutikira, ndipo opereka thandizo amene atsala amafunsa mafunso ambirimbiri asanatulutse ndi kwacha imodzi yomwe. Mmodzi mwa iwo anauza bungweli kuti liyezedwe ndi munthu wakunja pogwiritsa ntchito maturity model, muyeso woona kukhwima kwa bungwe pa kayendetsedwe ka ntchito, wa masitepe kapena kuti malevulo asanu. Likapezeka pa levulo 3 pa nkhani ya ndalama, kagulidwe ka katundu ndi kasungidwe kake, lidzayamba kulandira ndalama lokha, osadzeranso m'manja mwa bungwe lina lalikulu. Munthu wakunjayo ndinali ine.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinakhala mu ofesi yawo yaikulu pafupi ndi Ginnery Corner. Ku akaunti kunali bwino ndithu. Mnyamata amene amaona za mabuku amayanjanitsa ndi banki mwezi ndi mwezi, ndipo nditamupempha mavocha khumi mwachisawawa anawapeza onse tiyi asanazizire. Chomwe chinandidodometsa chinali fayilo ya ma SOP, mapepala ofotokoza ndondomeko yoyenera kutsata pa ntchito iliyonse. Inali yokongola kwambiri, mapepala oyera mbee, ngodya zosapindika, onse osainidwa ndi kudindidwa sitampa ya Juni 2022. Aliyense amene wasungapo mafayilo mu Blantyre muno amadziwa kuti kawaya ka sitepula kakagona dzinja limodzi kamasiya dzimbiri papepala. Awa analibe ndi kadontho komwe. Ndinangokhala chete n'kumawerenga, mpaka ndinafika pa tsamba la zoyenera kuchita pakagwa ngozi, pomwe analemba kuti katundu azikwezedwa pa mapaleti "monga tinaphunzira pa nthawi ya namondwe wa Freddy". Freddy anatigwera mu Malichi 2023. Ine ndinali nawo pofukula matope ku Chilobwe, tsikulo sindingalisokoneze. Pepala la Juni 2022 linamudziwa bwanji? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinajambula tsambalo ndi foni, n'kubweza fayilo pamalo pake.

Lachitatu ndinapita komwe amasungira katundu, cha ku Chirimba. Ndinafika 9 koloko itadutsa, magetsi atazima kale. Jenereta ilipo, koma dizilo anali atatha sabata yapita ndipo pempho lake linali likudikira siginecha ku ofesi. Kompyuta yomwe ili ndi sisitimu ya stoko inali itafundikidwa chitenje kuti isalowe fumbi. Panja panali lole ikudikira katundu wa ku Nsanje. Ndinaganiza kuti tsiku langa lapita pachabe.

Amene amayang'anira malowo ndi mayi wachikulire, wakhalapo zaka zoposa khumi. Sanasonyeze nkhawa iliyonse. Anatsegula dirowa, natulutsa kope lalikulu lachikuto cholimba, aja timagula m'masitolo a ku Limbe. Tsamba lililonse analilemba mizere ndi rula ndi bolopeni yofiira: tsiku, dzina la katundu, nambala ya batch, tsiku lothera mphamvu, zolowa, zotuluka, zotsala, nambala ya galimoto, siginecha ya dalaivala. Lole ija inapakiridwa pogwiritsa ntchito kope limenelo, ndipo pasanathe ola inali pa msewu. Pamakatoni omwe atsala pang'ono kutha mphamvu amalembapo mtanda ndi choko n'kuwasendeza kutsogolo, kotero ngakhale waganyu wobwera lero amadziwa katoni yoyamba kunyamula. Makope akale, asanu ndi atatu, anawakulunga mu jumbo n'kuwaika pa shelefu yapamwamba kwambiri, chifukwa madzi analowapo m'nyumbamo kamodzi. Makopewo amagula ndi ndalama zawo.

Ndinasankha mitundu 20 ya katundu n'kuwerenga ndekha, katoni ndi katoni, thukuta lili kamukamu pansi pa malata. Kope linagwirizana ndi zomwe ndinawerenga pa mitundu yonse 20. Magetsi atayaka cha m'ma 2 koloko tinayatsa kompyuta, ndipo sisitimu inasiyana ndi zomwe zinali pansi pa mitundu 7. Chifukwa chake n'chosavuta: zotuluka pa nthawi ya mdima zimalowetsedwa mochedwa, mwina osalowetsedwa n'komwe, ndipo ku ofesi amapanga malipoti a kwa opereka thandizo kuchokera mu sisitimuyo.

"Mayi, mukadwala kapena mukapita ku maliro, kopeli amalemba ndani?" ndinawafunsa.

"Palibe, bambo. Chaka chatha ndinali ku Queens kudwazika mwana wanga, amandiimbira foni ndili m'wodi kufunsa kuti magolovesi ali mbali iti."

Nditawafunsa za SOP ya kasungidwe ka katundu anayang'ana kaye kuchitseko. "Imeneyo yabwera Lachisanu lapitali. Anati ndiiwerenge kuti mukandifunsa ndiyankhe bwino. Koma zomwe alembamo si mmene timachitira kuno. Akuti titsimikize chilichonse mu sisitimu tisanatsegule chitseko. Nanga tikatero ana a ku Nsanje adya liti?"

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera pamaso pa anzanga. Madzulo a tsikulo, pouza akuluakulu mwachidule zomwe ndaona, ndinatchula kope lija. Ndinalitchula monyadira, ngati chinthu chabwino koposa chomwe ndapeza m'bungwe lonse. Sindinaganize kuti m'chipindamo muli anthu amene akumva zina. Zaka zonse ndakhala pa ntchitoyi ndimadziwa kuti wokuuza zoona umamuteteza, koma chisangalalo chinandiiwalitsa.

Lachinayi m'mawa mayi aja anandidikirira pa geti la ku ofesi, atakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Chirimba, envulopu ili m'manja. Inali kalata yowapatsa masiku awiri kuti afotokoze chifukwa chake akusunga zolemba zosavomerezeka ndi kunyozera SOP ya bungwe. SOP yomwe yakhala m'manja mwawo osakwana n'komwe sabata! Sanalire, anangondifunsa motsitsa mawu: "Bambo, ndinalakwa kukuonetsani?" Ndinachita kakasi. Ndayezapo mabungwe ambiri, ndatukwanidwapo, ndakanizidwapo malipiro, koma funso limenelo silinandigoneke tulo mpaka lero.

Ndinapempha kuonana ndi mkulu wa bungwe nthawi yomweyo. Ndi munthu wophunzira, waulemu, ndipo sindikukayika kuti usiku sagona poganiza za malipiro a antchito ake oposa makumi anayi. Anandilandira bwino, n'kuyamba ndi iye kulankhula. Anati kalatayo ndi nkhani ya m'nyumba, isandikhudze. Kenako anati, "Achimwene, inunso ndinu Mmalawi, mukudziwa mmene zinthu zilili. Ma SOP alipo, sisitimu ilipo. Tangotiyang'anirani bwino pa 3 paja. Chaka chamawa tidzafunanso munthu wotiphunzitsa."

Ndinamuonetsa chithunzi cha tsamba la Freddy. Nkhope inagwa. Kenako ndinayesetsa kumufotokozera modekha chomwe manambalawa amatanthauza, chifukwa ndinaona kuti kwa iye 3 ndi ngati malikisi a mayeso, omwe mphunzitsi wachifundo angakuwonjezere. Muyeso timagwiritsa ntchitowu ndi mdzukulu wa CMM (Capability Maturity Model), yomwe a Software Engineering Institute ku Carnegie Mellon University anatulutsa mu 1991, potsatira ntchito ya Watts Humphrey. Unduna wa zachitetezo wa America ndiwo unkalipira, chifukwa unatopa ndi makampani a mapulogalamu a kompyuta omwe amalonjeza bwino koma osamaliza pa nthawi. Funso lawo linali limodzi: kodi ntchito yabwinoyi ingachitikenso mawa, munthu wakeyo atachoka? Pa levulo 1 ntchito imatheka ndithu, mwina bwino kwambiri, koma imatheka chifukwa cha khama la munthu mmodzi kapena awiri amene adzipereka kupyola muyezo. Pa 2 pamakhala njira yomwe imabwerezedwa ndipo wina amaionetsetsa. Kuti mufike pa 3, njirayo iyenera kulembedwa, anthu aphunzitsidwe, ndipo bungwe lonse lizichitadi zomwe zalembedwazo tsiku wamba, woyeza kulibe. Za 4 ndi 5, kuyeza ndi manambala ndi kumadzikonza nokha, sitinafikeko n'komwe.

"Bwana," ndinatero, "kusungira katundu kwanu kuli pa 1, ndipo chomwe chikulepheretsa kuti kugwere pansi ndi mayi amene mwawalembera kalatayo. Njira yanu yopitira pa 2 ili m'kope lawo. Mukawachotsa, mutsala ndi fayilo yoyera ija ndi kompyuta yofunda chitenje."

Ndinamukumbutsanso kuti masitepe amenewa sadumphidwa ngakhale ndi maboma. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi muyeso wake wa mabungwe oyang'anira mankhwala, wa masitepe anayi, ndipo mu Africa monse dziko loyamba kufika pa 3 linali Tanzania mu 2018, Ghana n'kutsatira mu 2020. Kumeneko n'kukonza malamulo, kuphunzitsa anthu ndi kuyezedwa mobwerezabwereza kwa zaka. Iye amafuna kufikapo ndi printa ndi sitampa kumapeto kwa sabata imodzi.

Komatu mkwiyo wanga sunathere pa iye yekha. Opereka thandizo akasandutsa nambala kukhala chitseko cha ndalama, akudziwa chomwe chichitike. Muyeso womwe unayenera kuthandiza bungwe kudziona pomwe likudwala umasanduka mayeso oti ukhoze mwanjira iliyonse, ndipo woyamba kubisidwa ndi amene akudziwa zoona. Ndipo ife eni ake sitili oyera. Bungwe lomweli latumiza mamanejala ku misonkhano ya ku Mangochi kangapo, ma alawansi ndi mafuta a galimoto zonse zolipiridwa, kukaphunzira za kulimbikitsa mabungwe. Mayi wosunga katundu wa mamiliyoni ambiri sanaitanidwepo ndi kamodzi komwe. Batire ndi inveta zoti kompyuta imodzi izikhala yoyaka pa nthawi ya mdima sizingafike pa mtengo wa msonkhano umodzi wotero. Chiwonongekere cha Kapichira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 palibe manejala mu Blantyre amene anganene kuti kuzima kwa magetsi kwamudzidzimutsa.

Lachisanu ndinapereka zomwe ndapeza. Ndalama 2, kagulidwe 2, kasungidwe ka katundu 1. Kulemba 1 pa gawo lomwe ndinaona ntchito yabwino kuposa onse kunandiwawa, ndipo ndinalemba ndime yonse yofotokoza kuti nambalayo ikuweruza bungwe, osati munthu. Ndinapempha kuti SOP ya Lachisanu lija itayidwe, yatsopano ilembedwe kuchokera m'kope, mayiwo ali patebulo ngati mwini nzeru. Kuti munthu wachiwiri aphunzitsidwe mwezi uno. Kuti sisitimu iziyanjanitsidwa ndi kope Lachisanu lililonse. Ndi kuti kalata ija ichotsedwe m'fayilo yawo. Ndinawauza kuti akachita zimenezi moona mtima, 2 ali pafupi, ndipo 3 angaikambe chaka chamawa. M'chipindamo munali zii. Nkhani ya madeti obwezedwa m'mbuyo ndailembera wapampando wa bodi payokha, monga mgwirizano wathu umanenera. Sanayankhebe, ndipo theka la malipiro anga likadali kwa iwo.

Usiku wathawu mayi aja anditumizira uthenga pa WhatsApp. Kalata sinachotsedwe, koma palibenso amene waifunsa. Lolemba kukubwera lole ya ku Chikwawa ndipo dizilo wa jenereta sanafikebe. Amafunsa ngati apitirize kulemba m'kope kapena asiye. Ndawauza kuti apitirize, ndipo kuti tsamba lililonse akamaliza azilijambula ndi foni n'kusunga.