Lachitatu, ine ndi amai ku laibulale

Lero amai andidzutsa 5 koloko kusanache bwino, ati iwe fulumira sindifuna ndikapeze anzanga atayamba kale. Akhala kwanga kuno ku Kapata mu Chipata kuyambira pomwe anamaliza kukolola kumudzi mbali za ku Chadiza, poyamba ankati abwera kudzaona adzukulu koma chawasunga mpaka lero ndi kalasi ya akuluakulu ija ya ku laibulale, imene ena amangoti shibukeni. Iyi ndi sabata yawo yachisanu ndipo lero ndinali off kuntchito ndiye ndinati ndiwaperekeze ndikaone ndekha.

Tinakwera njinga ziwiri mpaka mtauni, amai atamanga kope lawo mu pulasitiki ya shuga ngati ndalama.

Ine zoona ndimaganiza kuti ku laibulale ndi kwa ana a sukulu basi, ndipo anali ambiridi, a giledi 12 ndi aja obwereza mayeso a GCE atadzaza matebulo ndi ma past paper, ena kukhala pansi chifukwa mipando yatha. Ndinamvanso lero lomwe kuti Zambia Library Service, imene imayendetsa malaibulale a boma, inayamba mu 1962 dziko lisanalandire ufulu, tangoganizani zaka zonsezi ine ndimangodutsa panja kupita ku Saturday Market. Pakona pena panali ana ang'onoang'ono pamphasa akuwerengeredwa nthano mu Chinyanja, kwina anyamata awiri akuthandizidwa kulemba CV pa kompyuta, malaiti anapita chapakati koma sanachoke, anangotenga pepala nkupitiliza ndi bolopeni.

Kalasi ya amai ndiyomwe yandigwira mtima. Anali azimai ambiri, azibambo atatu okha, mmodzi ndi wanjinga amene anasiya njinga yake pakhomo, ndipo ndinaganiza kuti maola awiri amenewo ndi makasitomala angati wataya. Aphunzitsi ake ndi mai wodekha kwambiri, sathamangitsa munthu, amayamba ndi a e i o u kenako ma me mi mo mu, onse kuyankha pamodzi mokweza. Lero anawauza kuti aliyense atulutse foni awerenge meseji imodzi ya mobile money, apeze pomwe palembedwa ndalama yolowa ndi pomwe pali balansi. Apa mkalasi munali phokoso, aliyense ali ndi nkhani yake ya momwe anaperekera foni ndi PIN kwa munthu wina kuti amuwerengere. Amai anga nawonso chaka chatha ndinawatumizira ya feteleza, amene anawawerengera anawauza yochepa, anandiuza patapita miyezi chifukwa cha manyazi.

Amai analekeza giledi 2, ambuya analibe ya fizi ndipo ankati mwana wamkazi azithandiza kumunda. Masiku ano sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022, adzukulu awo akupita onse, koma iwo mwayi umenewo unawapeza mutu utachita imvi. Moyo wawo wonse ku koparetivu, pa reji, ku chipatala akhala akudinda chala, ndipo amadana nayo inki ija, amati imakhala pachala masiku awiri aliyense nkumaona kuti uyu sadziwa kulemba.

Ndiye chakumapeto aphunzitsi anati aliyense abwere ku bolodi alembe dzina lake lonse osayang'ana mkope. Amai anaimirira, kukonza chitenje, kugwira choko mwamphamvu mpaka chinathyoka, anatola chidutswa nkuyambanso. Zinatenga nthawi, chilembo chimodzi chinayang'ana kumbuyo anafufuta ndi dzanja okha popanda owauza, koma analemba dzina ndi la bambo awo lomwe. Azimai anzawo anaimba nthungululu mpaka a giledi 12 aja anasuzumira pakhomo. Ine ndinatuluka panja kaye, misozi inali itayamba.

Chomwe ndikanakonda ndi chakuti mabuku a Chinyanja a anthu akuluakulu achuluke, a zaulimi, za nthomba ya nkhuku, za kasungidwe ka chimanga, chifukwa panopa akuphunzirira pa timabuku ta ana ta kalulu ndi fisi. Amene muli nawo kunyumba akungodyedwa ndi chiswe chonde kaperekeni.

Pobwerera anakana njinga, ati tiyende tidutse ku Down Shops undigulire bolopeni yanga yanga osati yobwereka kwa adzukulu. Njira yonse amaima kuwerenga zikwangwani za mashopu chilembo chimodzichimodzi, tinafika kunyumba 14 hours nsima isanaphikidwe. Pano ndikulemba izi ali pakhonde ndi tochi ya foni, andifunsa kuti Chadiza amayamba ndi chilembo chanji.